Kuyeza khansa kwa ogwira ntchito m'mafakitale ndi m'migodi: kumathandiza pati, kumalephera pati?

Nkhani ya anthu amene anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni ikangomveka pa wailesi kapena m'magulu a WhatsApp, mafunso amene amabwera amakhala omwewomwewo. Wina amati bambo anga anawajambula ekisire nkuwauza kuti ali bwinobwino, koma sipanathe nthawi anamwalira ndi khansa ya m'mapapo, ndiye kujambulako kunali kwa ntchito yanji? Wina amati ifeyo kufakitale amatitenga magazi chaka ndi chaka ndiye kuti khansa singatipeze eti? Enanso amaganiza kuti pali makina amodzi oti munthu ukangolowamo amaona khansa iliyonse m'thupi, kungoti mabwana amakanira ndalama basi. Mafunso onsewa ali ndi pomwe akuchokera, koma nkhaniyi ili ndi mbali zingapo zofunika kuzipatula kaye, apo ayi timangokanganapo aliyense akunena chinthu china.

Khansa yochokera ku ntchito ndi chani kwenikweni

Khansa ndi pamene timaselo ta m'thupi tasokonekera nkuyamba kuchulukana mosalamulirika. Pali makemikolo ndi mafumbi ena amene amaononga malangizo a mkati mwa selo, ndiye munthu akamapuma kapena kukhudza zinthu zimenezi tsiku ndi tsiku kwa zaka, mpata woti selo ina isokonekere umakula. Chovuta nchakuti chotupacho sichikhala ndi chizindikiro chonena kuti ndachokera kufakitale. Khansa ya m'mapapo ya munthu wosuta fodya ndi ya munthu wopuma fumbi la asibesitosi (mwala waulusi umene ankapangira zofolera nyumba ndi zokutira mapaipi), dokotala akaziyang'ana pa maikolosikopu zimafanana. Nchifukwa chake mbiri ya ntchito imene munthu anagwira ndi yofunika kwambiri, nthawi zina kuposa makina.

Woyamba kulemba za zimenezi anali dokotala wa ku London, Percivall Pott, mu 1775. Iye anaona kuti amuna amene ali ana ankalowetsedwa m'machumuni kukapala mwaye ankadwala khansa ya pakhungu la kumaliseche kuposa anthu ena onse. Mu 1895 dokotala wina wa ku Frankfurt, Ludwig Rehn, anaona khansa ya chikhodzodzo mwa anthu opanga utoto wonyika nsalu. Kenako mu 1974 ku Louisville ku America, pa fakitale ya B.F. Goodrich yopanga pulasitiki wa PVC, dokotala John Creech anadabwa kuona antchito angapo atafa ndi khansa ya chiwindi yosowa kwambiri, yoti madokotala ambiri amapuma ntchito asanaionepo. Chinali chikuwapha ndi mpweya wa vinyl chloride, ndipo chaka chomwecho boma la America linatsitsa mlingo wololedwa m'fakitale kuchoka pa magawo 500 pa miliyoni kufika pa gawo limodzi lokha. Ndipo musaganize kuti izi ndi zakale zokha, mu 2012 ku Osaka ku Japan kunadziwika kuti anyamata ogwira ntchito pa kampani ina yosindikiza akudwala khansa ya njira ya ndulu, chifukwa cha mankhwala otsukira inki pa makina m'chipinda chopanda mpweya wokwanira.

Mukaona nkhani zonsezi, palibe imene inatulukira chifukwa cha pulogalamu yoyeza anthu. Zonse zinadziwika anthu atadwala kale kapena atafa kale, dokotala wina watcheru nkufunsa kuti kodi anthu onsewa amagwira kuti.

Lero pali bungwe la IARC, la pansi pa WHO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1965 ku Lyon ku France, limene limaunika umboni woti chinthu chimayambitsa khansa nkuika zinthu m'magulu. Gulu 1 ndi la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. M'menemo muli asibesitosi, benzene amene amapezeka mu petulo ndi m'zomatira zina, fumbi la miyala la silika, fumbi la matabwa, utsi wa dizilo umene unalowa mu 2012, ndi utsi wowotcherera zitsulo umene unalowa mu 2017. Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya azungu okha, chifukwa owotcherera, akalipentala, amakaniko ndi ophwanya miyala ku kware ndi anthu oti timakhala nawo limodzi. Koma chenjezo, gulu 1 likutanthauza kuti umboni ndi wamphamvu, osati aliyense wokhudza chinthucho adwala. Kuchuluka kwa chinthucho ndi zaka zimene munthu wakhala nacho ndi zimene zimakweza kapena kutsitsa chiopsezo.

Zaka zobisala

Ichi ndiye chimake cha vuto lonse. Khansa zambiri za kuntchito sizituluka munthu akadali pa ntchitopo. Ya chikhodzodzo imatha kutenga zaka 20 kapena kuposa. Khansa ya nembanemba yokuta mapapo, imene madokotala amaitchula kuti mesothelioma, nthawi zambiri imaonekera patapita zaka 30 mpaka 40 munthu atapuma fumbi la asibesitosi. Ya m'magazi yochokera ku benzene imabwera msanga pang'ono komabe ndi zaka.

Mbiri ya mesothelioma ndi ya kuno kummwera kwa Africa. M'zaka za m'ma 1950, pa chipatala cha chifuwa chachikulu ku Kimberley, dokotala Christopher Sleggs anaona kuti odwala ena ochokera chakumadzulo, mbali za Kuruman ndi Prieska, amabwera ndi madzi m'chifuwa ngati a TB koma mankhwala a TB sakuwagwira, akungofa. Iye pamodzi ndi Chris Wagner ndi Paul Marchand anafufuza, ndipo mu 1960 anatulutsa lipoti la odwala 33, pafupifupi onse atakhalapo pafupi ndi asibesitosi wabuluu. Chimene chinadabwitsa anthu nchakuti ena mwa iwo sanagwirepo ntchito mumgodi nkomwe, anangokulira pafupi ndi milu ya zinyalala za mgodi, kuseweretsa fumbilo ali ana. South Africa inadzaletsa asibesitosi mu 2008, zaka 48 lipoti lija litatuluka, ndiye kuti anthu amene anapuma fumbilo m'zaka zomaliza ena mwa iwo matenda awo sanayambe kuoneka mpaka lero.

Ndiye taganizirani, kampani ikuyeza mnyamata wa zaka 28 chaka chilichonse, zotsatira zikutuluka zabwino, fayilo ikudzaza ndi masitampa. Akafika zaka 45 kontirakiti yatha wabwerera kumudzi. Nthawi imene khansa ingayambe kuoneka ndi pamene ali ndi zaka 60 kapena 65, ali ku Mzimba kapena ku Ntcheu, kampani ija mwina inagulitsidwa kawiri kapena inatsekedwa kalekale.

Kuyeza kuli mitundu itatu

Anthu ambiri amasokonezeka apa chifukwa zonse zimachitikira ku kiliniki imodzi ndi nesi yemweyo.

Mtundu woyamba ndi kuyeza ngati mankhwalawo akulowa m'thupi. Mwachitsanzo munthu wogwira ndi benzene amapereka mkodzo akamaweruka, a labu nkuona zotsalira za benzene mmenemo. Uku sikufufuza khansa ayi. Kwenikweni amene akuyezedwa ndi fakitaleyo, thupi la wantchito likungochitira umboni ngati mafani okoka mpweya, magolovesi ndi zophimba kumphuno zikugwira ntchito. Zotsatira zikakwera ndiye kuti pali poti pakonzedwe lero lomwe.

Wachiwiri ndi kuyang'anira thanzi la wantchito nthawi ndi nthawi, ekisire ya pachifuwa, kuuzira mpweya mu kachipangizo koyeza mphamvu ya mapapo, kuwerenga maselo a magazi. Izi zimagwira matenda ngati silikosisi (matenda a mapapo obwera ndi fumbi la miyala), TB, kapena kutsika kwa magazi kosonyeza kuti benzene wayamba kuononga mafuta a m'mafupa, ndiye munthu amachotsedwa pamalo oopsawo. Nzothandiza ndithu, koma nazonso sizinapangidwe kuti zigwire khansa.

Wachitatu ndi umene ukukambidwa pano, kufufuza khansa mwa munthu amene sakumva kupweteka kulikonse, ndi cholinga choipeza ikadali yaing'ono yoti nkuchotsedwa. Amayi ambiri kwathu kuno akuudziwa mtundu umenewu, ndi uja wa khomo la chiberekero, kupaka viniga nkuyang'ana, ndipo pakapezeka poyera amatha kuthana napo tsiku lomwelo. Kuyeza kumeneku kumagwira bwino chifukwa malowo amaoneka ndi maso, matendawa amayenda pang'onopang'ono kwa zaka asanakhale khansa yeniyeni, ndipo chithandizo chake nchotchipa. Mapapo, chiwindi ndi mafupa alibe mwayi ngati umenewo.

Munthu amene wayamba kale kukodza magazi, kutsokomola kosatha kapena kuonda, uyo sali mu gulu lililonse mwa atatuwa. Uyo ndi wodwala, akufunika kuonedwa ndi dokotala msanga osadikira tsiku la kuyeza kwa pachaka, ndipo akafika anene ntchito zonse zimene anagwirapo ngakhale za zaka 30 zapitazo.

Chifukwa chani osangoyeza aliyense

Mu 1968 WHO inatulutsa mfundo khumi zolembedwa ndi James Wilson ndi Gunnar Jungner zoti dziko liziganizira lisanayambe kuyeza anthu athanzi. Mwachidule, matendawo akhale ndi nthawi imene angaoneke asanayambe kuvuta, njira yoyezera ikhale yodalirika komanso yoti anthu angaivomere, chithandizo chikhalepo kwa amene apezeka nawo, ndipo kuwapeza msanga kusinthedi mathero ake. Mfundo yomalizayi ndi imene imagwetsa mapulogalamu ambiri.

Kuyeza kuli ngati ukonde wa kunyanja. Maso ake akakula, nsomba zimene ukufuna zimapulumuka, munthu amauzidwa kuti uli bwino pamene chotupa chilipo. Maso ake akachepa ngati neti ya udzudzu, umakokolola chilichonse, zinyalala ndi tiana ta nsomba zomwe, ndiye anthu ambiri opanda khansa amauzidwa kuti taona kanthu, amakhala miyezi osagona tulo, ena amabooledwa pachifuwa ndi singano kuti atenge kanyama kokayeza ndipo kubooledwako nakonso kumatha kuphwetsa phapo.

Pali misampha inanso iwiri. Woyamba, tinene anthu awiri onse adzafa ndi khansa ali ndi zaka 65. Mmodzi anaipeza pa 64 atayamba kudwala, winayo anamuyeza nkuipeza pa 60. Pa pepala zioneka ngati woyezedwayo anakhala zaka zisanu pamene mnzake chaka chimodzi, koma zoona zake palibe tsiku limene laonjezeka, wangodziwa msanga basi. Nchifukwa chake akatswiri sakhutira ndi mawu oti opezeka msanga amakhalitsa, amafuna kuona ngati imfa zachepa pa gulu lonse. Wachiwiri ndi kupeza tizotupa toti sitikanamupweteka munthu moyo wake wonse. Ku South Korea atayamba kuunika chithokomiro ndi sikani mwaunyinji, chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinakwera ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011, anthu masauzande anachitidwa opaleshoni nkumamwa mankhwala moyo wonse, koma chiwerengero cha akufa ndi khansayo sichinasinthe.

Mapapo: ekisire ndi CT sikani

Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti ekisire ya pachaka ingapulumutse anthu ku khansa ya m'mapapo. Kafukufuku wamkulu wa ku America wa anthu pafupifupi 155,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2011, anapeza kuti ojambulidwa ekisire chaka ndi chaka ankafa ndi khansayi mofanana ndi osajambulidwa. Ekisire imaona chotupa chitakula kale, ndipo china chimabisala kuseri kwa mtima kapena nthiti. Ndiye bambo uja anauzidwa kuti ali bwino nkumwalira pasanathe nthawi, sikuti nthawi zonse pamakhala chinyengo, chipangizocho mphamvu zake zimathera pomwepo.

Chaka chomwecho cha 2011 kafukufuku wina wotchedwa NLST, wa anthu oposa 53,000 a zaka 55 mpaka 74 amene anasuta fodya kwambiri, anaonetsa kuti CT sikani (makina ojambula mkati mwa thupi mwatsatanetsatane kuposa ekisire) ya mphamvu yochepa inachepetsa imfa za khansa ya m'mapapo ndi 20 peresenti poyerekeza ndi ekisire. Kafukufuku wa NELSON wa ku Netherlands ndi Belgium anapezanso zofanana mu 2020. Iyi inali nkhani yabwino zedi, koma ili ndi mchira wake. Mu NLST pafupifupi sikani imodzi mwa zinayi zilizonse inkaonetsa kanthu kokayikitsa, ndipo mwa zokayikitsazo zoposa 96 pa 100 sizinali khansa. Kuti apulumutse munthu mmodzi ankayenera kuyeza anthu pafupifupi 320.

Tsono anthu amene anali mu kafukufukuyu anasankhidwa chifukwa cha fodya osati ntchito. Malangizo a ku America a 2021 amati ayezedwe a zaka 50 mpaka 80 amene anasuta mlingo wofanana ndi paketi imodzi patsiku kwa zaka 20, za asibesitosi kapena silika mulibemo. Apa akatswiri amagawanika. Ena amati wantchito amene anapuma asibesitosi wambiri chiopsezo chake chimafika pa cha wosuta, ndiye kumukaniza sikani nkumulakwira. Ena amati popanda kafukufuku wa gulu limenelo sitingadziwe ngati phindu likuposa mavuto, makamaka kwa amene sanasutepo. Pamene onse amagwirizana ndi pa munthu amene ali ndi zonse ziwiri. Kafukufuku wa Irving Selikoff ndi anzake mu 1979 pa anthu okuta mapaipi ndi asibesitosi ku America anapeza kuti asibesitosi yekha ankakweza chiopsezo pafupifupi kasanu, fodya yekha pafupifupi kakhumi, koma zikaphatikizana zinkafika cha m'ma 50. Munthu wotereyu kusiya fodya kumamuthandiza kuposa sikani iliyonse, ngakhale mawu amenewa makampani ena anawagwiritsapo ntchito molakwika pofuna kukankhira mlandu wonse kwa wantchito.

Ndiye pali vuto lina limene ku America ndi ku Ulaya sanakumane nalo kwambiri koma kuno ndi lalikulu. Munthu amene anagwira mumgodi wa golide nthawi zambiri mapapo ake ali ndi timadontho ta silikosisi ndi zipsera za TB yakale. Pa sikani zinthu zimenezi zimatha kuoneka ngati tizotupa, ndiye kuti zokayikitsa zabodza zingachuluke kuposa za ku America zija. Komanso sikani ndi chiyambi chabe, pambuyo pake pamafunika katswiri wowerenga zithunzi, wotenga kanyama, labu yoyeza, ndi dokotala wa opaleshoni ya pachifuwa. Chimodzi chikasowa, munthu amangotsala ndi nkhani yoipa m'manja popanda kolowera nayo.

Chikhodzodzo, magazi ndi nembanemba

Chikhodzodzo ndi chimene chili ndi mbiri yaitali ya kuyeza antchito. Mu 1954 Robert Case anaonetsa ndi manambala kuti ogwira ntchito m'mafakitale a utoto ku Britain ankadwala khansayi mochuluka zedi chifukwa cha mankhwala ngati 2-naphthylamine ndi benzidine, ndipo vuto lomwelo linapezekanso m'mafakitale a labala ndi matayala. Makampani a labala kumeneko anayamba kuyeza mkodzo wa antchito, ngakhale opuma ntchito kale, kufufuza maselo osokonekera. Ubwino wake mkodzo ndi wosavuta kupereka, palibe singano, ndipo chotupa cha m'chikhodzodzo chikapezeka msanga amatha kuchipala kudzera njira ya mkodzo osang'amba mimba. Kuipa kwake kuyeza maselo kumaphonya zotupa zambiri zoyenda pang'onopang'ono, pamene kapepala koyeza magazi mumkodzo kamaonetsa magazi chifukwa cha zinthu zambirimbiri zosakhala khansa. Kwa ife a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, likodzo lokha limatulutsa magazi mumkodzo, ndipo nalonso likakhalitsa limayambitsa khansa ya chikhodzodzo, ndiye kusiyanitsa chimene chachititsa ndi ntchito ina payokha. Mpaka pano umboni wamphamvu woti kuyeza mkodzo kumachepetsa imfa ndi wochepa, komabe mayiko angapo amapitiriza kwa magulu amene chiopsezo chawo nchachikulu kwambiri.

Khansa ya m'magazi ndi nkhani ina. M'zaka za m'ma 1970 dokotala Muzaffer Aksoy wa ku Istanbul anaona osoka nsapato ambiri akudwala chifukwa cha guluu wokhala ndi benzene m'timashopu topanda mawindo. Kuwerenga maselo a magazi kumatha kuchenjeza kuti benzene akuononga, koma khansa yeniyeniyo imatha kubuka m'masabata ochepa pakati pa kuyeza kwa chaka chino ndi kwa chaka chamawa. Ndiye zotsatira zabwino za mu Januwale sizilonjeza kanthu za mu Okutobala.

Mesothelioma ndiye yowawa kwambiri kuifotokoza. Palibe njira yoyezera imene yaonetsa kuti imapulumutsa miyoyo, chifukwa imayala pa nembanemba yonse m'malo mopanga chotupa chimodzi chochotseka, ndipo ngakhale ipezeke msanga kuchiza kwake nkovuta. Komabe kudziwa dzina lenileni la matendawo kuli ndi phindu lina, munthu samangomwetsedwa mankhwala a TB miyezi isanu ndi umodzi pachabe, amalandira chithandizo chochepetsa ululu, ndipo banja limakhala ndi umboni wokapempha chipukuta misozi.

Ukasiya ntchito amakutsatira ndani

Pangano la ILO (bungwe la dziko lonse loona za antchito) nambala 139 la 1974 lokhudza khansa ya kuntchito limati antchito aziyezedwa ali pa ntchito komanso pambuyo pake. Koma limayamba ndi zina, kuletsa kapena kusintha mankhwala oopsawo ndi ena, kuchepetsa anthu owakhudza, kuchepetsa nthawi ndi kuchuluka kwake. Kuyeza kumabwera kumapeto chifukwa sikuchotsa fumbi ngakhale limodzi limene lalowa kale. Ku Germany kuli kaundula wa anthu amene anagwirapo ndi zinthu zoyambitsa khansa ndipo mabungwe a inshulansi ya ngozi za kuntchito amawaitana kukayezedwa ngakhale atapuma ntchito. Ku Japan opuma ntchito zina zoopsa amapatsidwa kabuku kowalola kuyezedwa ulere.

Ku South Africa kuli lamulo la 1973 la matenda a m'migodi, limene limapatsa munthu amene anagwirapo mumgodi ufulu woyezedwa pachifuwa zaka ziwiri zilizonse, zotsatira nkutumizidwa ku MBOD, ofesi ya boma yoona za matenda a m'migodi ku Johannesburg, kuti akagamule ngati akuyenera kulipidwa. Lamulo lomwelo limalolanso kuti munthu akamwalira, banja likavomera, mtima ndi mapapo zitumizidwe kukaunikidwa, ndipo matenda ambiri amene anaphonyedwa munthu ali moyo apezeka mwa njira imeneyi. Ufuluwu sumayang'ana dziko limene munthu akuchokera, koma kuugwiritsa ntchito uli ku Chitipa ndi nkhani ina, ndipo kutumiza ziwalo za malemu kunja ndi chinthu chimene mabanja ambiri kwathu sangachilandire mosavuta.

Amalawi amene akukhudzidwa si ochepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anali oposa 100,000 m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mpaka ndege itagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha anthu oposa 70 ambiri mwa iwo Amalawi obwerera kwawo, Kamuzu nkuimitsa kulemba anthu. Zinayambiranso mu 1977 pansi pa Teba nkudzatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Enanso ambiri anagwira m'migodi ya ku Zimbabwe, dziko limene linali ndi migodi ikuluikulu ya asibesitosi ku Zvishavane ndi Mashava.

Apa pali chisokonezo chimodzi chofunika kuchikonza. Tshiamiso Trust, imene inabwera makampani asanu ndi imodzi a golide atagwirizana mu 2018 kulipira ndalama zokwana 5 biliyoni randi, ndi ya silikosisi ndi TB yochokera ku ntchito, kwa amene anagwira m'migodi yotchulidwa mu mgwirizanowo pakati pa 1965 ndi 2019. Si ya khansa. Kuyeza kumene amachita ndi kofuna kudziwa ngati munthu akuyenera kulipidwa, osati kufufuza chotupa. Za asibesitosi zili ndi njira zake, monga Asbestos Relief Trust ya 2003, ndipo nayo imaona migodi ina yake osati yonse. Kuno kwathu kuli lamulo la chitetezo ndi umoyo pa ntchito la 1997 ndi la chipukuta misozi kwa antchito la 2000, koma owotcherera wa pamsewu kapena mnyamata wopopera penti mu garaja ya mnzake nthawi zambiri alibe bwana wolembedwa, alibe fayilo, ndiye zaka 25 zikubwerazi palibe pepala limene lidzanene zimene ankapuma.

Palinso mbali ya antchito eni ake imene sitiyenera kuilumpha. Dokotala akamalipidwa ndi kampani, wantchito amaopa kuti zotsatira zikaipa ndiye ntchito yatha, ndiye ena amabisa chifuwa kapena kuzemba tsiku loyeza. Malamulo a udokotala amati bwana angouzidwa ngati munthu angapitirize ntchitoyo kapena ayi, osati matenda ake. Makampani nawo ali ndi dandaulo lawo, amati khansa imene yatuluka patapita zaka 30 munthu atagwira malo anayi osiyanasiyana komanso akusuta, bwanji mlandu wonse ugwere mmodzi.

Zimene sizinayankhidwebe

Kodi munthu amene sanasutepo koma anapuma asibesitosi kapena silika wambiri ajambulidwe CT sikani chaka ndi chaka, ndipo mlingo woyambira ukhale uti poti ambiri alibe zolemba za fumbi limene ankapuma? Kodi zotsatira za ku America ndi ku Ulaya zingagwire chimodzimodzi kuno kumene TB yasiya zipsera m'mapapo a anthu ambiri? Dziko limene ndalama za umoyo nzochepa, liike kwacha yake pa masikani, pa oyendera mafakitale, kapena pa kuphunzitsa azachipatala kufunsa wodwala aliyense kuti munkagwira ntchito yanji? Kampani ikatsekedwa kapena kugulitsidwa, mafayilo a antchito asunge ndani kwa zaka 40, ndipo alipire ndani kuyeza munthu amene anawoloka malire kubwerera kwawo, dziko limene anagwirako, dziko lake, kapena thumba limodzi la chigawo chonse cha SADC? Palinso njira zatsopano zoyeza magazi zimene akuti zingaone khansa zambiri nthawi imodzi, komanso makompyuta owerenga zithunzi za pachifuwa amene ayamba kale kugwiritsidwa ntchito pofufuza TB, koma ngati zimenezi zingachepetsedi imfa za khansa mwa antchito, kafukufuku wake akadali mkati.